Masiku Makumi Awiri M'kambale

Chithunzi chinafika Lachiwiri, chiperoni atabisa phiri lonse,
ine ndili ku nazale, ndikuthira dothi m'machubu a tiyi.
Ndinapukutira chala pachitenje, n'kutsegula foni:
kadontho kotuwa, ngati dzira la chule m'mbali mwa Lichenya.
Pansi pake Melifa analemba:
"Achemwali, uyu ndi pusi. Lero wakwanitsa masiku khumi ndi asanu ndi anayi."

Ndinaseka mpaka kapitawo anacheuka.
Pusi wopanda mchira? Wopanda manja obera chinanazi?
Apusi ine ndimawadziwa,
amatsika m'nkhalango kusanache
kudzasenda chimanga changa chisanakhwime,
ndawagenda ndi legeni mpaka phewa kuphwanya.
Ndiye mng'ono wanga anakwera ndege,
n'kutha zaka zisanu ndi ziwiri pamabuku,
kuti akalere mdani wanga m'kambale kagalasi?

Usiku anaimba. Kwawoko kunali kukucha kale.
Anati mluzawo suli m'mimba mwa mayi aliyense,
uli m'kabokosi kofunda ngati m'khwapa,
amaumwetsa madzi oyeza dontho ndi dontho,
amaulondera mosinthana ngati wodwala.
Anati alipo masiku oyambirira amene diso silifikako,
pamene kamoyo kamadzipinda kokha,
kusankha kumene kukhale mutu, kumene kukhale msana,
mayi akadali kuwerenga zala, kukayika ngati mwezi wamudumpha.
"Ambiri amagwera pamenepo, achemwali.
Tikufuna tione pomwe amapunthwira."

Ndinakhala chete. Denga linkadonthera m'beseni.

Anga anayi anapita padera.
Wachiwiri ndinali pakati pa mizere, dengu kumsana,
ndinamaliza kaye mzerewo.
Wachinayi Dayitoni sindinamuuze mpaka Loweruka.
Kuchipatala anati zimachitika.
Apongozi anafunsa za mchere wa m'ndiwo.
Amvano anaimba, anati ndipirire.
Panalibe anati: bwera kuno, tione pomwe anapunthwira.

Nanenso ntchito yanga ndi yolera kutali ndi mayi.
Timadula kanthambi ka tsamba limodzi,
kukabaya m'chubu, kufunditsa pulasitiki.
Pa khumi, titatu timauma osatsanzika.
Nthawi zina, kapitawo akatembenuka,
ndimang'amba chubu ndi chikhadabo
kuti ndione ngati muzu unayesako.
Choncho Melifa ndinamumva.

Komabe ndinafunsa: "Nanga mawa, akakwana makumi awiri?"
Foni inapuma kaye.
"Timalekera pomwepo. Timaumitsa,
n'kudula tizigawo topyapyala kuposa khoko la anyezi,
n'kuyamba kuwerenga."
"Nanga mayi ake?"
"Ali m'khola, amadya bwino. Sadziwa kanthu."

Sadziwa.
Mawu amenewo sindinawayankhe.
Kumtunda kwa Likhubula, chaka cha madzi osefukira,
ndinaona pusi atakumbatira kamwana kakufa masiku atatu,
akukasesa ntchentche kumaso,
akukakwezera kubere.
Koma yemwe sanamuonepo, yemwe sanamumve n'komwe akugunda,
kodi amamulira?
Ine ndinalira anayi, wopanda ngakhale mmodzi womutcha dzina.

Lachitatu ndinadzuka tambala asanamalize.
Anali kale m'munda, asanu ndi mmodzi,
wamkazi patsogolo, kamwana katamatirira kumimba
ngati katopola, maso okhaokha.
Anathyola chisononkho, n'kundiyang'ana akutafuna.

Legeni inali m'manja, mwala uli m'chikopa.
Ndinakoka ndithu, poti chimanga ndi chimanga
ndipo malipiro a nazale safika pa makumi awiri a mwezi.
Mwala unakagunda chulu, kutali ndi iye.
Dzanja langa siliphonya chonchi.

Masana foni inadandaula kuti yadzaza.
Ndinafufuta za ukwati wa kwa Chinakanaka,
ndinafufuta nyimbo zakwaya, ndi nkhope yanga ya pa Khirisimasi.
Kadontho kaja ndakasiya.
Kwa Melifa tsiku lake latha kale,
koma muno m'thumba la andiloko
kakadali ndi masiku khumi ndi asanu ndi anayi,
kakusankhabe kumene kukhale mutu.